Sideboard yakale ya G Plan: momwe yakhalira patatha miyezi 14

Nditangoigula ndinkangoiyamikira paliponse, paja mlendo sadzudzulidwa tsiku lofika. Tsopano yatha miyezi 14 ili m'chipinda chathu chodyera kuno ku Leicester, ku England. Yaona Khirisimasi, yaona amayi a kutchalitchi atabwera kudzapemphera, yaonanso ana awiri ndi makapu awo a juwisi. Tsopano si mlendonso, ndinene zoona zake.

Kwa amene simukuidziwa, ndi kabati yaitali koma yotsika, ya mtundu wa G Plan Fresco. Anaijambula ndi Victor Wilkins, ndipo mtunduwu unayamba kugulitsidwa mu 1966 kuchokera ku fakitale ya E. Gomme ku High Wycombe, tauni yomwe inatchuka ndi kupanga mipando. Yangayi ndi yotalika masentimita 213, moti m'galimoto yathu sinalowe, tinachita kubwereka vani ndi amuna awiri oinyamula. Pakati ili ndi madirowa anayi, mbali ina zitseko ziwiri, mbali inayo chitseko chotsegukira pansi pomwe eni ake akale ankasungapo mowa. Ife tasandutsapo malo a mafulasiki a tiyi ndi botolo la Sobo, akakhalapo wina wobwera nalo kuchokera kumudzi.

Vuto lalikulu linayambira m'mutu mwanga. Ine ndinakulira ku Zomba, kumene kabati ya amayi inali ya mlombwa weniweni kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ikakandika, mumaitana kalipentala, aipale, aipakenso vanishi, basi yabwerera mwakale. Ndiye nditamva wogulitsa akuti iyi ndi ya mtengo wa teak, ndinaganiza kuti ndagula thabwa lotere. Ayi ndithu. Teak wake ndi kachikopa kopyapyala, kosakwana ngakhale milimita imodzi, komata pamwamba pa thabwa lina lamkati. Amati veneer. Si chinyengo, mipando yambiri ya nthawi imeneyo ankaipanga choncho, ndipo n'chifukwa chake mizere ya mtengowo imayenderana bwino pa zitseko zonse. Koma ndiye kuti pamwamba pake si popala.

Tinazidziwa m'mwezi wachitatu titaigula, apongozi atabwera kudzationa. Ndinapakula nsima, n'kuika bakuli pa sideboard, poto wa nkhuku pambali pake, popanda choyala chilichonse. Titatha kudya ndinapeza zizungulire ziwiri zoyera ngati wina wajambula ndi choko. Bambo akunyumba anati, "Musadandaule mayi, mawa ndikonza," ndipo m'mawa mwake ndinawapeza ali ndi sandipepa m'manja. Mwayi wake anayamba kuyesera pakona yakumbuyo. Asanakwane mphindi ziwiri akukwecha, mtundu wofiirira uja unatha, panatuluka chigamba chotuwa cha thabwa lamkati. Chilipobe mpaka lero, ndinaikapo chithunzi cha ukwati.

Zizungulirezo zinachoka m'njira yosavuta. Banga loyera limatanthauza kuti nthunzi yakodwa m'mankhwala opaka pamwamba, sinafike pa mtengo. Ndinayala nsalu youma ya thonje, n'kupititsapo ayironi wofunda pang'ono wopanda madzi, masekondi ochepa, kuchotsa, kuyang'ana, kubwerezanso. Chizungulire cha bakuli chinatheratu, cha poto chimaonekabe pang'ono ukayang'ana cham'mbali dzuwa likawala. Banga lakuda ndiye nkhani ina, pamenepo madzi alowa mu mtengo ndipo ayironi sathandiza. Kuyambira tsiku limenelo pamwamba pamakhala timphasa ta cork tinayi, ndipo amene waika chotentha pambali pa timphasato amandimva.

Chachiwiri ndi chisanu cha kuno. Poyamba ndinaiika moyandikana ndi radiator, chitsulo chotenthetsera m'nyumba. Pofika Febuluwale, kachikopa ka mbali imeneyo kanayamba kumatuka m'mphepete chifukwa chouma. Ndinalowetsamo guluu wa matabwa ndi kampeni kopyapyala, n'kupanikiza usiku wonse, ndipo kanagwira. Tinaisunthira ku khoma lina. Kumeneko nakonso kuli dzuwa la masana, ndipo teak amasuluka ndi dzuwa: pamene pankakhala mbale ya zipatso pali pakuda kusiyana ndi ponseponse. Panopa ndimasuntha zinthu za pamwamba pakapita masabata angapo kuti isuluke mofanana.

Fungo la m'nyumba ya eni ake akale linatenga pafupifupi mwezi kuti lithe, ndi soda m'kambale komanso zitseko zosatseka. Madirowa awiri ankalimba potsegula, ndinapaka kandulo m'mbali momwe amatsetserekera ndipo sanavutenso.

Koma musamve ngati ndikuinyoza. Pa ntchito yake yeniyeni, yopakulirapo chakudya alendo akachuluka, sindinaone ina yoposa iyi. Kutalika kwake kuchoka pansi ndi pafupifupi masentimita 80, kuposa tebulo pang'ono, choncho munthu amadzipakulira ataimirira osawerama. Pa Khirisimasi panakwana mpunga, nsima, nkhuku, nyemba, chambo ndi masamba, mbale zodyera zili kumapeto, pa tebulo n'kutsala malo oika zigongono. M'kati mumalowa mbale zonse za alendo ndi makapu. Dirowa yapamwamba ili ndi zigawo za masipuni ndi mafoloko. Chimene sichilowa ndi poto wamkulu wa nsima ya anthu ambiri, chifukwa kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi masentimita 46 okha. Miyendo yake imaikweza moti tsache limalowa pansi, chinthu chimene kabati ya amayi sinkalola, pansi pake panali mudzi wa mphemvu.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi zogwirira zake. Izo ndiye mtengo weniweni, wakuda kusiyana ndi teak, wosemedwa mopindika kuti chala chilowe bwino. Mtengowo amati afrormosia, wochokera ku nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo ndi pachibale ndi muwanga wathu uja, umene agogo ankaufuna pa nsichi za nkhokwe chifukwa suwola msanga. Mtengo wa afrormosia unadulidwa kwambiri moti kuyambira 1992 malonda ake amayang'aniridwa pansi pa CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha. Zaka zoposa 50 anthu akukoka zogwirirazi ndi manja a mafuta, palibe ngakhale chimodzi chomwe chathyoka kapena kugwedera, pamene kabati yatsopano imene tinagula titangofika kuno inayamba kulendewera zitseko isanathe zaka zitatu.

Mafuta ndaipaka kawiri kokha, a Danish oil, pang'ono pa nsalu, n'kupukuta otsala pakatha mphindi khumi. Ulendo woyamba ndinachulutsa ndipo inakhala yonata masiku atatu, fumbi lonse la m'nyumba n'kumatirapo.

Mkangano umene tili nawo panopa ndi wa kontena. Bambo akufuna kuti tikamadzatumiza katundu kumudzi, sideboard ikhale yoyamba kulowa, ikakongoletse nyumba imene tikumanga. Ine ndakana. Ndikudziwa chinyezi cha ku Zomba mu Januwale, ndikudziwanso kuti tsiku lomwe kachikopa kaja kadzamatuke, achimwene adzaitana kalipentala wa pamsika, ndipo iye adzabwera ndi chopalira matabwa.