Zitsulo zonyamula pambuyo pa dzinja lathunthu: mapuleti apirira, ndodo ayi

Chaka chatha ndinagula zitsulo zonyamulira kunyumba: ndodo yaitali yokutidwa ndi chrome (kachitsulo konyezimira kopyapyala kokutira pamwamba), ndodo ziwiri zazifupi, ndi mapuleti a cast iron opakidwa penti yakuda, olemera makilogalamu 2.5, 5 ndi 10. Mabowo ake ndi ang'onoang'ono aja, osati a mamilimita 50 a zitsulo za Olympic zomwe mumaziona m'majimu. Zili zatsopano ndinazitama kwa aliyense. Tsopano mapuleti ndi ndodo yaitali zagona pakhonde la kuseri dzinja lonse, ndipo maganizo anga agawika.

Penti ya mapuleti ndi yopyapyala kwambiri. Inayamba kusupuka m'kamwa mwa bowo, pomwe puleti imakhulana ndi ndodo, kenako m'mphepete momwe imagunda pansi. Mvula itakhazikika, malo onsewo anachita dzimbiri, moti ukagwira manja ankafiira ngati wanyamula njerwa. Simenti ya pakhonde imasunga chinyezi, thukuta nalo lili ndi mchere, ndiye chitsulo chosakutidwa sichingalimbe.

Chosangalatsa n'chakuti dzimbiri limeneli linali lapamwamba chabe. Ndinapala ndi bulashi ya waya, mapuleti oipitsitsa n'kuwanyika mu viniga usiku wonse, m'mawa n'kutsuka ndi madzi osungunuliramo soda kuti asidi athe mphamvu. Apa musachedwe: chitsulo chochoka mu viniga chimayambanso kufiira mukuona. Pukutani pompo, yanikani padzuwa, chikauma pakani red oxide, yomwe amapaka mageti ndi mafelemu a mawindo, imapezeka mu hadiweya iliyonse. Pamwamba pake ndinapaka penti ya enamel kawiri, mopyapyala, n'kudikira masiku angapo kuti ilimbe. M'bowo musathiremo yambiri, puleti ingakane kulowa. Lero mapuleti amakhala pa thabwa, sagonanso pa simenti, ndipo dzimbiri silinabwerere.

Ndodo yaitali ndiyo yandiwawa mtima. Dzimbiri linalowa m'timizere tokhakhala togwirapo tija, momwe thukuta limatsalira, n'kuyenda pansi pa chrome. Chrome ikafufuma imasendeka ngati timamba takuthwa, ndipo kamodzi kanandicheka pachikhatho ndikukweza. Izi zilibe mankhwala kunyumba. Penti singathandize chifukwa imatseka timizere n'kuchititsa ndodo kuterera, kenako imathothoka. Ndinangosalaza malo osendekawo ndi sandipepa wosalala, ndipo ndikamaliza masewera ndimapukuta ndi nsanza youma. Nthawi ndi nthawi ndimadonthezera mafuta a makina osokera, kutsuka timizere ndi kabulashi ka nayiloni, n'kupukutanso mpaka dzanja lisaterere. WD-40, mankhwala opopera pa zitsulo aja, imamasula bwino manati omangira mapuleti akauma, koma sikhalitsa pa chitsulo. Mafuta ndiwo amateteza.

Ndodo zazifupi zikadali bwino, mwina chifukwa ndimalowa nazo m'nyumba.

Mapuletiwa ndingawagulenso mawa, ngakhale akale a dzimbiri pamsika, bola asakhale osweka, poti kulemera kwake sikusintha ndipo penti ndi yotchipa. Ndodo yokha ndikusungira ndalama kuti ndipeze ina yabwinoko, ya stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ngati thumba lingalole. Amene mukufuna kugula seti yotere, yendetsani chala pa ndodo yonse musanalipire, ndipo mukamva potupa kapena pokanda, isiyeni.