GitHub Pages ndi maulalo a zithunzi

GitHub Pages, yomwe inayamba mu 2008, ndi malo abwino kwambiri osungirapo webusaiti yaing'ono popanda kulipira, ndipo ndimaiyamikira chifukwa masamba amatseguka mwachangu komanso HTTPS, njira yotetezera uthenga pakati pa webusaiti ndi woiwerenga, imaperekedwa mwaulere. Komabe wofuna kuigwiritsa ntchito adziwiretu kuti imafuna munthu wolemba maulalo a zithunzi ndi mafayilo mosamala.

Nkhani yagona pa adilesi. Webusaiti ya pulojekiti imakhala m'foda, monga dzina.github.io/pulojekiti/, osati pamwamba penipeni pa domain, kutanthauza dzina lalikulu la adilesi monga dzina.github.io. Choncho ulalo woyamba ndi chizindikiro cha /, monga /zithunzi/logo.png, ngakhale utagwira bwino pa kompyuta yanu, umatumiza browser kukafuna chithunzicho ku dzina.github.io/zithunzi/, komwe kulibe kanthu. Ulalo wopanda chizindikirochi nawonso uli ndi vuto lake, chifukwa umawerengedwa kuchokera pamene tsamba lili, kotero kuti chithunzi chomwecho chimaoneka patsamba loyamba koma n'kusowa pamasamba a m'mafoda am'kati. M'fayilo ya CSS (yokonza maonekedwe a tsamba) mokha ndi mmene ulalo wamtunduwu ndimaukhulupirira, popeza umawerengedwa kuchokera pa fayiloyo, osati patsamba.

Chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi Jekyll, pulogalamu imene GitHub Pages imamangira masamba. Ukalemba relative_url pa ulalo, Jekyll imaika yokha baseurl (dzina la foda ya webusaiti, monga /pulojekiti) patsogolo pake, ndipo tsiku limene wapeza domain yakoyako umangosintha fayilo ya _config.yml, momwe baseurl imalembedwa, osati kuyendera chithunzi chilichonse. Kwa ine, iyi ndiyo njira yoyenera pa zinthu zonse za m'kati mwa webusaiti.

Adilesi yathunthu yoyamba ndi https:// ili ndi malo ake. Chithunzi cha og:image, chimene Facebook imaonetsa munthu akagawana tsamba, chimafuna adilesi yonse, ndipo absolute_url ya Jekyll imagwira ntchito imeneyi bwino. Maulalo oyamba ndi // ndi akale ndipo sakufunikanso, pamene oyamba ndi http:// pa tsamba la HTTPS browser imatha kuwatsekereza, makamaka akakhala a JavaScript kapena CSS.

China chofunika kusamala nacho n'chakuti GitHub Pages imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, pamene Windows sitero, choncho pa GitHub Pages Logo.png ndi logo.png ndi mafayilo awiri osiyana. Ndimalangiza kutcha mafayilo onse ndi zilembo zazing'ono asanakwezedwe.