Kabotolo ka mafuta a bulugamu ndi lubani wa ku Down Shops

Chimfine cha mu Julaye chitandigwira, ndinalowa m'sitolo ina ku Down Shops, muno mu Chipata, n'kugula kabotolo ka mafuta a bulugamu. Kachepa ngati chala, mtengo wake ndinachita kufunsa kawiri.

Koma kamagwira ntchito. Madontho atatu m'beseni la madzi otentha, chitenje kumutu, mphuno zomwe zinatsekeka masiku anayi zinatseguka ndisanatuluke thukuta. Agogo ku Katete ankatifukiza ndi masamba ake enieniwo, fungo lake ndi lomwelo, kungoti apa simuvutika kukathyola. Chimfinecho sichinathe, ayi, ndinangopeza tulo.

Mayi wogulitsayo anandichenjeza: "Achimwene, osamwa, osapaka mwana wakhanda." Ananena zoona, mafutawa ndi poizoni akalowa m'mimba. Zomwe sanandiuze n'zoti pakhungu pafunika kusakaniza ndi mafuta ena. Ndinapaka pachifuwa osasakaniza, panayabwa usiku wonse.

Lubani yemwe anandiwonjezera ngati basela ndiye ayi. Pa mbaula ananunkhira bwino, koma utsi unadzutsa mphumu ya akazi anga. Wotsalayo ndinapatsa aneba, kabotoloko kali pamwamba pa kabati pomwe ana safika.