Mtukula Pakhomo wa pa foni wawapeputsa agogo anga

Agogo anga aakazi amakhala chakufupi ndi Kamwendo, ndipo ndine ndimawaperekeza pa nkhani za Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama limene boma limapereka kwa mabanja ovutikitsitsa. Thandizoli linayambira kuno ku Mchinji mu 2006 lisanafike m'maboma onse 28, choncho njira yakale tikuidziwa bwino. Tsiku lolandira tinkalawira m'bandakucha, n'kukakhala pansi pa mtengo kudikira galimoto yobwera ndi ndalama. Pofika masana agogo miyendo itatupa. Komanso mudzi wonse unkadziwa kuti lero alandira, moti madzulo obwereka anali atafika kale pakhomo.

Pano ndalama zimalowa pa foni. Kafoni kawo ka mabatani amakamanga pa nsonga ya chitenje, kakangolira amandiitana: "Iwe, tabwera undiwerengere." Uthengawo umanena ndalama zimene zalowa ndi zimene zatsala. Chandisangalatsa koposa n'chakuti sakakamizika kutapa zonse tsiku limodzi. Amatapa za chimanga ndi sopo, zina n'kusiya momwemo kudikira za mayeso a mdzukulu wawo. Kale ndalama ikafika m'manja sinkagona masiku atatu.

Zovuta zilipo ndithu. Ulendo wina tinafika kwa ejenti wa pafupi, iye n'kutiuza kuti, "Pepani agogo, ndalama zandithera." Anthu onse a dera lathu anali atalandira tsiku lomwelo. Tinalipira kabaza kupita kwa wina, ndalama imene ikanagula mchere ndi mafuta. Nambala yachinsinsi nayo ndi nkhani. Agogo anaiiwala, atalakwitsa kangapo akaunti inatsekedwa, ndipo kuti aitsegule panafunika iwo eni ndi chiphaso chawo cha unzika. Mtima umandiwawa ndikaona agogo ena akupereka foni kwa mnyamata wosamudziwa n'kumutchulira nambalayo mokweza pamzere. Amene akuyendetsa ntchitoyi, chonde, bwererani m'midzi mukawaphunzitsenso okalambawa mofatsa. Msonkhano umodzi sukwanira kwa munthu amene sanagwirepo foni.

Njira yolandirira pa foniyi ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndikanapereka zonse akanakhala kuti ma ejenti amauzidwiratu tsiku lolipira kuti akonzekere ndalama zokwanira. Ife taphunzira kudikira masiku awiri kapena atatu uthenga ukalowa, ndiye timapita m'mawa mzere usanayambe, agogo n'kubwerera kwawo dzuwa lisanakwere.