Makina oyezera BP olumikiza ku foni: abwino, koma apu yake ndiye mutu

Ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo imodziyo ndachotsera apu, makinawo alibe mlandu.

Ndinawagula pa famase ina mtauni ku Blantyre chifukwa cha amayi, iwo ali pa mankhwala a BP, amlodipine ndi ka HCTZ kaja, koma kukayezetsa ndi tsiku la kiliniki lokha basi, masiku ena onsewo timangoyendera chikhulupiriro, mutu ukangowapweteka nyumba yonse phee aliyense akuganiza kuti yakwera. Makinawa ndi aja omanga pamwamba pa chigongono osati apadzanja ngati wotchi aja. Anesi anandiuza kuti apamkono ndi amene amanena zoona kwambiri, ndiye ndisanalipire ndinayamba ndaona pa webusaiti ya STRIDE BP pomwe amalemba makina omwe anayesedwa bwinobwino, dzina lake linalipo. Mtengo wake musafunse, unandiboola m'thumba.

Kagwiridwe kake ndi kosavuta. Batani ndi limodzi, mukadina lamba womanga pamkono uja amafufuma nkufinya mkono kenaka amaphwa pang'onopang'ono, manambala nkutuluka, akuluakulu oti amayi amawerenga opanda magalasi. Nambala yapamwamba, yapansi, ndi kugunda kwa mtima. Amasunganso zotsatira za anthu awiri padera ndiye bambo nawo analowererapo, anthu omwe poyamba ankati zimenezi nzachibwana. Tinawatengera ku kiliniki kukafananitsa ndi akumeneko, kusiyana kunali kochepa kwambiri, pamenepo mtima wanga unakhala pansi.

Chomwe chinatidabwitsa nchoti kunyumba BP ya amayi imakhala yotsikirapo kusiyana ndi yomwe imalembedwa mukabuku ka kuchipatala. Koma ukaganiza nzomveka, munthu wadzuka kusanache, wayenda mpaka pa siteji, wapanikizana mu minibasi, wakhala pa benchi mpaka dzuwa kutentha, kenaka akuti bweretsani mkono, ingatsike bwanji? Adokotala ataona manambala akunyumba anati zimachitikadi kwa anthu ambiri ndipo zinawathandiza poganiza za mankhwala. Koma chonde abale, makinawa asakusandutseni dokotala, musasiye mapilitsi chifukwa mwaona 125/80 sabata yonse, manambala abwinowo ndi ntchito ya mapilitsi omwewo. Ikamangokhala 140/90 kapena kuposa kawirikawiri kawonaneni ndi achipatala, ikafika 180/120 makamaka mutu ukuwawa kwambiri, m'chifuwa mukupweteka kapena maso akuchita chidima, musadikire mawa.

Pali timalamulo tomwe tili mukapepala kachingerezi komwe palibe amawerenga. Munthu akhale kaye pampando mphindi 5 atatsamira, mapazi pansi osapingasa miyendo, mkono pa tebulo molingana ndi mtima, asakhale atangomwa khofi kapena kusuta fodya, ndipo asayankhule. Lomalizali ndiye nkhondo, amayi lamba akangoyamba kufufuma mpamene amakumbukira kuti nyemba zili pamoto ndipo wina akazione.

Za lamba ndinenepo chifukwa ogulitsa sanandiuze. Amene amabwera mubokosi ndi wa mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Azakhali anga ndi athupi, atabwera kudzacheza anati nanenso ndiyezeni, lamba kukana kutseka bwino, makina kulemba Err kusonyeza kuti china chalakwika, titakakamiza anatulutsa nambala yoti azakhali anayamba kutsanzikana nafe. Lamba wamng'ono pamkono waukulu amakweza manambala. Wamkulu amagulitsa payekha ndipo kumupeza ndi ntchito. Mabatire ndi anayi a AA, otchipa apamsika aja sachedwa kutha, mwayi wake pali polowetsa USB ndiye magetsi akazima timangolumikiza ku power bank.

Tsopano apu. Eeh. Anthu anaipanga akuganiza za munthu wa WiFi m'nyumba. Kuti mungolowa mukufunika imelo, pasiwedi, intaneti, kenaka ikufuna update bandulo yonse psiti. Ndi Chingerezi chokhachokha. Bluetooth yake lero yalumikiza mawa yakana, uzimitse uyatsenso, ikupemphanso location, nanga BP ya amayi ikukhudzana bwanji ndi komwe ndili? Komanso manambalawo amapita ku makompyuta a kampani kunja uko, ine zimenezo sizindisangalatsa kwenikweni. Vuto lalikulu nloti foni ya amayi ndi yamabatani, ndiye apu ili mufoni yanga, ine ndimakhala kuntchito. Ikagwira ntchito ndiyabwino sindinama, imajambula mzere wa mwezi wonse wamitundumitundu, ndipo ndimatumiza pa WhatsApp kwa achemwali ku Johannesburg omwe amafunsa za amayi tsiku ndi tsiku, asiya kundiimbira usiku ndi mantha. Koma zenizeni zikuyenda ndi kope la sukulu, mdzukulu wawo amalemba deti, nthawi ndi manambala, m'mawa ndi madzulo, kopelo amayi amalitengera limodzi ndi kabuku ka kuchipatala, adokotala amangotsegula nkuona, palibe zoti dikirani kaye netiweki.

Tsiku lina madzulo BP ya amayi inakwera ndithu, ndinaimba 54747 pa Airtel, Chipatala Cha Pa Foni chija chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi a VillageReach pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, ndi ulere. Anandifunsa manambala ndipo ndinali nawo m'manja, osati zongoti akuoneka ofooka. Anati apume tiyezenso, ikapanda kutsika kapena akayamba kumva zachilendo tithamange nawo kuchipatala. Inatsika. Kwa ine phindu la makinawa ndi limeneli, ukamayankhula ndi achipatala umakhala ndi chogwirika.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi kuno ali ndi BP yokwera ndipo ambiri sadziwa nkomwe, ndiye musadabwe kuti aneba ayamba kubwera Lamlungu akaweruka ku tchalitchi kudzapereka mkono. Ngati mukufuna kugula, tengani opanda Bluetooth musunge ndalamazo, pokhapokha ngati wodwalayo ali ndi foni yamakono ndipo amaitha yekha. Ndipo musananyamuke bwerekani tepi kwa atelala muyeze mkono wa wodwalayo.