Ndemanga yanga pa chithandizo cha mafizo cha phewa louma

Ndikupereka ndemanga iyi nditamaliza kulandira chithandizo cha mafizo pa chipatala china cholipira mumzinda wa Blantyre, ndipo ndinene poyambirira kuti ndalama zanga sizinapite pachabe, ngakhale pali zina zimene eni malowo ayenera kukonza.

Phewa langa lamanzere linayamba kuwawa pang'onopang'ono popanda kugwa kapena kunyamula katundu wolemera, kenako linauma moti kumanga duku, kupesa tsitsi ndi kubereka mdzukulu kumbuyo zinakanika. Usiku ululu unkakula ndikagonera mbali imeneyo, ndipo Panado ndi Brufen ankangoziziritsa kwa kanthawi. Atandijambula, mafupa anapezeka kuti ali bwinobwino, choncho adokotala ananditumiza ku mafizo.

Chimene chinandikhutiritsa koposa ndi mmene mayi wa mafizo anandipimira tsiku loyamba. Sanathamangire kunditikita ayi. Anandiuza kuti ndikweze mkono ndekha, kenako anaukweza iwo ine nditaulekerera, ndipo ataona kuti ukuima pamalo amodzimodzi, makamaka poutembenuzira kunja, anafotokoza kuti kathumba kokuta polumikizira mafupa a phewa kakhuthala ndi kukhwinyata. Anati matendawa, amene m'mabuku achipatala amatchedwa frozen shoulder, amagwira kwambiri anthu a zaka zapakati pa 40 ndi 60, amakonda amayi, ndiponso amafala mwa odwala matenda a shuga monga ine. Sanandinamize kuti ndichira msanga: anati kuuma kumeneku kumatha kutenga chaka chimodzi mpaka zitatu kuti kutheretu, ndipo ntchito ya mafizo ndi kuchepetsa ululu ndi kubwezeretsa kayendedwe ka mkono. Anandichenjezanso kuti jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa amene ena amabayitsa m'phewa, amakweza shuga m'magazi kwa masiku angapo, motero ndisabayitse osakambirana ndi adokotala anga.

Ndikafika, ankayamba ndi kuthowa phewa ndi kathumba kotentha kokulungidwa m'thaulo, kenako ankagwira mkono pafupi ndi m'khwapa n'kumausuntha mwapang'onopang'ono, maso ali pankhope panga kuti aone pamene ndayamba kukwinya. Pamapeto ndinkakoka chingwe chodutsa pa kawilo kopachikidwa pamwamba, mkono wabwino ukukweza wodwalawo.

Koma phindu lenileni ndinalipeza m'zimene anandiphunzitsa kuchita kunyumba, zosafuna makina alionse. Ndinkawerama nditagwira tebulo ndi dzanja lamanja, mkono wamanzere ukulendewera ndi kuzungulira wokha. Ndinkayendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba, ndipo pamene zalekezera ndinkalembapo ndi choko, kotero kuti mizere yapakhomapo inkandionetsa kuti ndikusunthadi ngakhale pa masabata amene mtima unkati palibe chikusintha. Mpini wa tsache unkandithandiza kukankhira mkono kunja nditagona chagada, pomwe thaulo ndinkalikoka kumsana ngati munthu wodzitsuka posamba. Mawu amene ankabwereza ndi akuti, "Amayi, kokani mpaka mumve kukokeka, koma ululu ukafika pobaya, lekani." Malangizo amenewa ndi ofunika, chifukwa achibale ondifunira zabwino ankandilimbikitsa kuti wina angoukoka mkonowo mwamphamvu kamodzi, chinthu chimene chikanangowonjezera kutupa.

Zodandaula zilipo zitatu. Nthawi yopangana siinkasungidwa, moti munthu wopempha chilolezo kuntchito ankatha m'mawa wonse ali pabenchi. Chachiwiri, masiku ena ndinkapeza wa mafizo wina amene sanawerenge bwino fayilo yanga, ndipo ndinkayambiranso kufotokoza. Mtengo nawonso ndi wokwera kwa amene alibe inshuwalansi ya zaumoyo, poti umalipira ulendo uliwonse.

Tsopano ndimagona usiku wonse, ndimayanika zovala pachingwe, ndipo dzanja likufika kumsana ngakhale silinafanane ndi linzake. Amene mthumba mwawo simungakwanitse asangokhala pakhomo n'kumathowa okha, chifukwa zipatala zazikulu za boma, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, zili ndi nthambi za mafizo. Ayambe apimidwa kaye, popeza si ululu wonse wa phewa umene umachokera m'phewa: wina umayambira m'khosi, ndipo ululu wa phewa lamanzere wobwera mwadzidzidzi limodzi ndi kubanika kapena kuthina pachifuwa ukhoza kukhala wa mtima, wofunika kuthamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo.