Mapedulo a flat kapena a clipless pa mountain bike, zomwe ndaona kuno ku Harare

Anyamata a ku Mabvuku ndi ku Tafara amene timapalasa nawo Loweruka akhala akundifunsa kuti achimwene tigule mapedulo ati, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere. Omwe ndikunena ndi Shimano PD-M520, aja okola nsapato omwe amati clipless, ndi Race Face Chester omwe ndi a flat, phazi umangoliika pamwamba basi. Onse ndawamangapo pa njinga imodzimodzi, hardtail, yopanda shoko kumbuyo, nthawi ya fumbi komanso ya dzinja.

Maganizo anga ndinenetu kumayambiriro konkuno, kwa ambiri a ife ndalama yoyamba ipite ku flat abwino. M520 ndi pedulo yabwino zedi, ineyo ndimaikonda, koma si aliyense amene akuyifuna ndipo ena akuyisirira chabe chifukwa anaona anthu ovala malaya a mpikisano ku Mukuvisi Woodlands ali nayo.

Mmene M520 imagwirira ntchito ndi chonchi. Kunsi kwa nsapato kumamangidwa kachitsulo kotchedwa cleat ndi mabawuti awiri, ukaponda pa pedulo kachitsuloko kamalowa kuti khwa, phazi lakola, ndipo kuti lituluke uyenera kupotozera chidendene kunja. Kukoka m'mwamba silichoka. Shimano anatulutsa kakoledwe kameneka, SPD, mu 1990 ndipo mpaka pano cleat yake ndi ya mabawuti awiri omwewo, nchifukwa chake sizivuta kupeza ina ikatha. M520 imakola mbali zonse ziwiri ndiye suchita kuitembenuza ndi chala ponyamuka. Ili ndi kabawuti kofewetsera kapena kulimbitsira sipuling'i, ka allen key ya 3mm, mbali iliyonse kakekake, kutanthauza kuti pa mapedulo awiri tilipo tinayi ndipo tonse tifewetsedwe mofanana, ambiri amafewetsa mbali imodzi nkumadabwa kuti nthawi zina phazi likutuluka bwino nthawi zina likukana.

Za ma cleat mumvetsetse. Ilipo SH51 yomwe imatuluka pokhapokha wapotoza chidendene chammbali, ndiye palinso SH56 yolembedwa M yomwe imalola phazi kutuluka ngakhale wakoka mopendekera m'mwamba. Woyamba kumene agule SH56, musachite nazo manyazi ayi.

Komwe M520 imandisangalatsa ndi pa mtunda wautali. Mukatenga misewu ya fumbi ya kumbali ya Domboshava ija yodzadza mabampu ang'onoang'ono, njinga yopanda shoko kumbuyo imakudumphitsa osaleka, ndiye phazi likakhala lokola umangopalasa osaganizanso zolikonza, lili pamalo amodzi kuyambira kunyamuka mpaka kubwera. Nsapato zake zimakhalanso ndi solo yolimba, phazi silipindika ndiye silitopa msanga. Pa chitunda chamiyala pomwe ukufuna kukankha mwamphamvu kawiri katatu kuti tayala lakumbuyo likwere, apo zimathandizadi. Koma zija amanena zoti liwiro limawirikiza chifukwa mwendo wina ukukankha wina ukukoka, ine sindinazione, pamalo athyathyathya ndimayenda chimodzimodzi ndi mapedulo onse awiri. Kulimba ndiye osanena, yanga yamenya miyala, yamira m'madzi, koma ikuzungulirabe bwinobwino, ndimangoitsuka nkudontheza ka oyilo pa sipuling'i.

Tsono mavuto a clipless, mtundu uliwonse, ndi okhudza malo athu ano. Ambiri a ife tilibe galimoto yonyamulira njinga, timapalasa kuchokera pakhomo kudutsa m'tauni kuti tikafike kutchire, ndipo mukudziwa nokha mmene kombi imaimira ikaona munthu wokwera, palibe chenjezo, iwe uli pambuyo pake phazi lili chikolere. Munthu wozolowera amatulutsa osaganiza, koma miyezi yoyamba ija thupi limafuna kukoka m'mwamba ndipo kugwera chammbali pa tara pakati pa magalimoto si nkhani yosekera. Chachiwiri ndi matope. Kuyambira Disembala mpaka Malichi dothi lofiira lija limamata, ukangotsika nkuponda pansi kawiri cleat yadzadza, pokwera ikukana kulowa, uyambe kusaka kamtengo kotokosera anzako akupita. Chachitatu, chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi mathanthwe. Kumene timapita kuli malo oti uyenera kutsika nkukankha njinga pa mwala wosalala, ndipo chitsulo pa mwala chimaterera, makamaka mvula ikangokhudza pang'ono pali ndere.

Ndiye pali nkhani ya ndalama. Pedulo payokha mtengo wake ndi wofikirika, koma popanda nsapato yake ndi yopanda ntchito, ndipo nsapato ndi imene imadya ma dollar ambiri. Pa kaunjika ku Mbare kuyipeza ndi mwayi chabe, ukapeza sayizi si yako. Ambiri amatuma ma runner, anthu okagulira anzawo katundu ku Johannesburg, koma nsapato yosayesa ndi juga, ikakhala yothina zala zimachita dzanzi mukangopalasa ola limodzi. Cleat ikamangidwanso mokhota bondo limayamba kupweteka chifukwa phazi lakakamizidwa kukhala mmene silifunira, choncho ngati bondo layamba kudandaula musapirire, masulani muisunthe pang'ono.

Tibwere ku Chester. Choyamba anthu asiye kuganiza kuti flat ndi timapedulo ta pulasitiki tija timabwera ndi njinga kushopu. Izi ndi zina. Thupi lake ndi la nayiloni yolimba, lotambalala loti phazi lonse limakhazikika, ndipo mbali iliyonse ili ndi timisomali tachitsulo tomwe timaluma solo ya nsapato, kamodzi kakathyoka umamasula nkuika kena. Ikamenya mwala nayiloni imangokalika nkudutsa. Tsiku loyamba ndinadabwa kuti kusuntha phazi mpaka ulinyamule kaye, kulikhwekhwereza sizitheka, limagwira ngati ulimbo.

Chinsinsi chake ndi nsapato ndi kaponderedwe. Imafuna solo yafulati ya labala yofewerako. Five Ten Freerider ndi imene anthu amaitama ndipo ndi zoona imagwira, koma nsapato za skateboard za pa kaunjika zimagwira ntchito ndithu poyambira, ndipo izi ndiye zimapezeka. Zothamangira ayi, solo yake ndi ya siponji, imapindika komanso timisomali timaing'amba msanga. Poponda, pedulo ikhale chapakati pa phazi osati kuzala, ndipo potsetsereka chidendene chigwere pansi, mawondo omasuka, mukatero njinga ikamenya mwala imakankhira pedulo m'phazi mwanu m'malo mokuponyani. Izi ndi zomwe ndimafuna achinyamata athu aphunzire kaye, chifukwa wozolowera clipless kuyambira pachiyambi amadumphitsa njinga pongokoka ndi mapazi, luso lenileni lonyamula njinga ndi thupi osalidziwa. Komanso mantha amachepa. Pa kona yamchenga tayala lakutsogolo likayamba kuthawa umangotulutsa phazi nkuponda, ndiye munthu amalimba mtima kuyesa malo ovuta omwe akanawazemba.

Choyipa cha flat aliyense wa timisomali ndi msongolo. Phazi likaphonya pedulo imazungulira nkukumenya kutsogolo kwa mwendo, ndipo imacheka ndithu, magazi kutuluka. Valani masokosi aatali okhuthala, kapena ma shin pad a mpira aja, amathandiza. Pa mabampu a msewu wautali phazi limasunthanso nthawi zina makamaka ukatopa, apo clipless imapambana, sinditsutsa.

Wina anandiuza kuti akatswiri onse amakola mapazi. Pa mipikisano ya cross country, yothamangitsana pa njira zakutchire, ndi zoona, Nino Schurter wa ku Switzerland amene anatenga golide ku Rio mu 2016 ankapalasa ndi clipless ngati anzake onse a mpikisano umenewo. Koma Sam Hill wa ku Australia anawina mpikisano wa Enduro World Series mu 2017, 2018 ndi 2019 ali pa flat, akupikisana ndi anthu okola mapazi pa mitsetse yoopsa. Ndiye nkhani yoti flat ndi ya ana tiisiye.

Chomwe ndikuchenjezeni ndi ma flat otchipa opanda dzina omwe adzadza m'mashopu ena m'tauni, onyezimira, a mitundu yokongola. Mphwanga anagula, timisomali take ndi toumbidwa pamodzi ndi pedulo, tinasalala msanga ndipo dzinja lisanathe pedulo inayamba kugwedera pa ekiselo. Musanalipire yang'anani ngati timisomali timamasuka ndi allen key, kenako gwirani ekiselo muigwedeze, ikamaseweramo isiyeni.

Amene ndingamuuze kuti gula M520 ndi yemwe wazolowera kale njinga yake, amayenda maulendo a maola ambiri pa misewu ya fumbi kapena akufuna kulowa mipikisano, ndipo ali ndi ndalama ya nsapato yomukwana bwino. Ameneyo afewetse sipuling'i mpaka kumapeto, ayambe watsamira khoma kulowetsa ndi kutulutsa phazi lililonse, kenako apite pa kapinga pa bwalo la mpira asanalowe mumsewu.

Pomanga, kaya ndi iti, onani L ndi R pa ekiselo. Ya kumanja imamangidwa mwachizolowezi koma ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuza, imalimba ukapotozera kumanzere, ndipo makaniko wothamanga akaikakamiza amapha mazinga a crank yonse, chitsulo chija pedulo imamangidwapo. Pakani girizi pang'ono, yambani ndi dzanja mpaka ilowe bwino, sipanala ya 15 kapena allen key ibwere pomaliza.